Malonje a Fakiri ndi Batire Limodzi

Raston sanadzere pakhomo. Anazungulira kuseri kwa nyumba, kuthandala kumene Mariamu amayanika usipa, chikwama chakuda chili m'khwapa. Munthu ameneyu anali wa ku Ngala, ndipo ntchito yake inali kuyenda pakati pa Joni ndi kunyanja kuno atasenza mabulangete, mapoto, mawayilesi ndi mauthenga a anthu amene anapita kukasaka moyo. Mwambo amaudziwa bwino lomwe. Tsono munthu wodziwa mwambo akazemba khonde pamene pakhala mwini nyumba, dziwani kuti chimene wanyamula n'cholemera.

"Chemwali," anatero atakhala pachitsa, mawu ali pansi, "mlongo wanu Nasiru sali bwino. Ndamusiya ali gone, ngakhale phala likuchita kubwerera. Ndisakubisireni, ndikachedwa kuno ndikapeza atatisiya, atamusambitsa kale."

Mariamu anangoti chilili, usipa uli m'manja. Nasiru ndi amene anamuponda pamutu, mwana amene anamulera kumsana iyenso akadali mwana.

Nkhani ya Nasiru ndi bambo ake, a Fakiri, mudzi wonse umaidziwa. A Fakiri anali tcheyamani wa chipani chakale m'mudzimo, wogulitsa makadi a chipanicho, munthu amene akatsokomola pamsika anthu amayamba kupapasa m'matumba. Chaka cha riferendamu, pamene ofuna matipate anatenga nyali kukhala chizindikiro chawo, Nasiru anapachika nyali pakhonde la bambo ake dzuwa likuswa mtengo, n'kuiyatsa. Anthu odutsa anaseka mpaka kugwira nthiti. A Fakiri sanamenye munthu. Anangoimirira pamaso pa onsewo n'kunena kuti, "Radhi yanga sudzaiona." Kwa Msilamu wa kuno mawu amenewo ndi owawa kuposa ndodo, pakuti radhi ndi chikhululuko ndi mdalitso wa kholo, ndipo palibe amene amafuna kutsikira m'manda alibe. Nasiru anakwera matola sabata lomwelo, ulendo wa ku Joni. Matipate anabwera, makadi anatha, a Fakiri anabwerera kosoka maukonde, koma dzina la mwanayo silinabwerere pakamwa pawo.

"Akufuna radhi," anapitiriza Raston. "Koma wandipana pawiri. Akuti bambowo asauzidwe zoti akudwala, chifukwa radhi yomumvera chisoni saifuna. Ndiponso akuti akufuna amve ndi makutu ake, awaone ndi pakamwa pomwe. Uthenga wodzera mwa inu wakana."

Mariamu anazolika. Kawiri konse anali atatuma Raston yemweyo kukanena kuti Baba mtima wawo unatsika kale, akupereka moni, pamene nkhalambayo sinanene ngakhale liwu limodzi. Bodzalo linali lachikondi, koma Nasiru anakula naye limodzi, amadziwa kuti mlongo wake akhoza kuthira shuga ngakhale mu kwinini.

Raston anatsegula chikwama chija. Munali kamera ya vidiyo, yaikulu ngati njerwa, imene anzake a Nasiru anabwereka kwa munthu wojambula maukwati ku mzikiti wa kumeneko. Waya inalibe, imangofuna batire lake. Batirelo ndiye linali vuto. Linali limodzi lokha, lakuda, lomata kumbuyo kwa kamerayo. Ku Joni analidzaza bwinobwino, koma panjira, pachipata china cha m'malire, abwana a yunifomu anafuna kuona ngati chinthucho chimagwiradi ntchito. Kuona kwake kunali kujambulana okhaokha, wina akuguba, wina akukonza chipewa, Raston akungomwetulira ngati mkamwini pamene mtima ukuwira. Atafika pa Boma anathamangira kwa wokonza mawayilesi kuti alidzaze, koma pulagi ya ku Joni ndi ya mano obulungira pamene mabowo a kuno ndi a makona. Mmisiriyo anadula pulagi, n'kusomeka mawaya ndi timitengo ta machesi, ndipo ntchito itangoyamba magetsi anathima. Anadikira mpaka kutopa. Pa Boma magetsi akamapita sanena tsiku lobwera.

"Ndiye mphamvu yatsala yochuluka bwanji?" anafunsa Mariamu.

"Yoti munthu n'kumwera kapu ya tiyi wozizira kale. Mwinanso osamaliza. Ndipo ine dzuwa likafika pamutu ndiyenera kukhala pamsewu, lole imene ndikwere sidikira munthu."

Kumudzi kwawoko, kufupi ndi Kanyenda, magetsi amangowamva. Mariamu sanafune kugonja msanga. Anachotsa mabatire m'wayilesi, nayenda m'makomo kubwereka a m'matochi a asodzi. Mayi ake, a Kulusumu, atamva kuti Nasiru watumiza makina ojambulira moni, anasangalala ngati mtsikana. Anakatsitsa padenga mabatire akale amene amawayanika padzuwa, n'kumawagogoda ndi mwala limodzilimodzi kuti mphamvu idzuke, monga amachitira wayilesi ikayamba kunong'ona. Amagogoda akuyimba. Mariamu sanathe kuwayang'ana kumaso.

Raston anang'amba nsungwi, nandandalika mabatire abwinoko m'katimo, kumanga ndi mphira wa chubu cha njinga, n'kulumikiza timawaya. Kamera inadzuka, a Kulusumu n'kuwomba m'manja. Koma atangodina batani kuti tepi iyambe kuzungulira, inalira pang'ono n'kufa. Anasintha mabatire, zomwezo. Anaikamo ogogoda aja pofuna kusangalatsa mayiwo, sinaphethire n'komwe.

"Chimadya kwambiri chinthuchi," anatero Raston akupukuta thukuta. "A tochi sangachikhutitse."

"Nanga batire la galimoto lija la kumzikiti, loyendetsa chimkuzamawu?" anafunsa Mariamu.

A Kulusumu anaseka. "Limenelo anabwereka achipani kuti akalankhulire pamsonkhano. Sabata yatha ija. Sukumva kuti masiku ano akuitanira Swala ndi pakamwa?"

"Ngakhale likanakhalapo," anatero Raston, "mphamvu yake ndi yaikulu, likanaotcha zonse. Chatsala n'chomwechi, chemwali." Anabwezera batire lakuda lija pamalo pake mosamala ngati dzira.

Mariamu anakagwada pakhonde pamene bambo ake amasoka ukonde, n'kufotokoza kuti mwana wawo wa ku Joni wapempha kuti amuyankhule kudzera m'makinawo. A Fakiri sanadzutse mutu. Anamanga mfundo, namanganso ina, nadula ulusi ndi mano. Mariamu anadikira kukanidwa. Kenaka anangomva akuti, "Madzi osamba alipo?"

Anasamba mosafulumira. Anatulutsa mkanjo woyera wa Lachisanu, navala kofiya yopeta, nadzola mafuta onunkhira kundevu, ngati kuti fungo nalo lilowa m'tepi. Mkeka anaukana, anaitanitsa mpando. Ataona Raston akukonzeka ndi kamera anagwedeza mutu.

"Nkhani za m'nyumba mwanga sindilankhula pamaso pa mwana wa eni. Mupatse Mariamu chinthucho, iwe ukakhale uko pansi pa mango."

Raston anamuphunzitsa mothamanga. Asuzumire pa kabowo aka ndi diso limodzi. Akadina batani ili ndi chala chachikulu, m'katimo muoneka kadontho kofiira, ndiye kuti ikujambula. Akadinanso, yaima. Akaona chithunzi cha batire chikuphethira pakona, adziwe kuti imfa yayandikira.

Apa tsono mpamene Mariamu anayamba kuchita mantha enieni, chifukwa bambo ake amawadziwa. A Fakiri anali katswiri wa malonje. Mlendo akafika pakhomo pawo amatha kumva njala, kukhuta ndi kumvanso njala malonje asanathe. Amayamba ndi mmene adzukira, napita kwa odwala, kumvula, kumaliro, kwa obadwa, kunyanja, kuminda, ndipo akamaliza zonsezo amatsokomola pang'ono n'kuti, "Tsono nkhani ndi iyi." Njira imeneyo sanaisinthepo chibadwire cha Mariamu. Kuwauza kuti afupikitse kunali kosatheka. Mwana wamkazi sauza bambo ake ovala kofiya kuti dumphani moni, ndipo akanangoyesa, nkhalambayo ikanavula mkanjo n'kubwerera ku ukonde wake.

Choncho anaganiza zowabera. Aika kamera kumaso, koma batani sadina. Malonje apite ndi mphepo. Akadzangomva katsokomolo kaja, pamenepo ndiye adine, mphamvu yonse igwere pa mawu amene Nasiru akudikira. Anaona kuti ndi nzeru yabwino, ndipo kunena zoona aliyense wa ife akanachita chimodzimodzi.

"Ndiyang'ane pati?" anafunsa a Fakiri.

"Pagalasipa, Baba."

"Akundiona?"

"Adzakuonani. Yambani."

Anawongola msana, manja pamawondo.

"Bisimila. Salamu alaikumu, iwe uli kutaliwe. Ife kuno tadzuka, Mulungu watisunga. Mayi ako mwendo uja ukuwavutabe, makamaka kukachita mwera, koma pamphero akupita okha. Ine maso ndiwo ayamba chifunga, komabe diso la ukonde ndikuliona. Mlongo wako ndi uyu wagwira makinawa, wanenepa, usipa ukumuyanja."

Chala cha Mariamu chinali pamwamba pa batani, chosakhudza. M'kabowo muja bambo ake amaoneka aang'ono, opanda mtundu, ngati munthu wa pachitupa. Anapita kumvula: inachedwa, kenaka inabwera yolusa, mtsinje unadya dimba la kumunsi. Anapita kumaliro: a Yasini osoka zovala aja tinawaika, anadwala masiku ochepa, maliro ake kunali anthu. Anapita kwa obadwa: Malita wa kuseri kwa mzikiti anabereka mapasa, mmodzi wofanana ndi bambo wake, winayo tikufufuzabe. Pamenepo anaseka okha, nayang'ana galasi lija ngati akudikira kuti nalo liseke.

Mkono wa Mariamu unayamba kulemera. Pansi pa mango Raston amayang'ana kumwamba, n'kuyang'ana kumsewu. Mumtima Mariamu amangoti, fikani kunyanja Baba, kenaka kuminda, kenaka tsokomolani.

Anafikadi kunyanja.

"Nyanja chaka chino yaumira. Usipa ulipo wa apo ndi apo, chambo tikungomva mbiri. Bwato lako lija linang'aluka kumutu. Ndalimata phula ndekha, lili pansi pa mkuyu. Anthu amabwera kuti tigule, ine ndimati mwini wake alipo. Za nyali zija, Nasiru mwana wanga, zinatha kalekale, radhi yanga ndakupatsa, ya pansi pano ndi ya tsiku lomaliza. Mpunga nawo mbalame zatilanda chaka chino, moti kudambo kuja..."

Chakudza sichiyimba ng'oma. Panalibe kutsokomola, panalibe "nkhani ndi iyi". Munthu wonyada akamagonja sagonjera pabwalo. A Fakiri anatenga mawu amene anawauma pakhosi zaka zonsezi n'kuwabisa pakati pa bwato ndi mpunga, monga mayi amabisira mwana mankhwala m'nthochi, kuti adutse wina asanawaone akugwada. Chala cha Mariamu chinadina chokha, mochedwa. Kadontho kofiira kanayaka, tepi n'kuyamba kumeza nkhani ya mbalame. Anadinanso msanga kuti iime.

"Baba, pepani. Bwerezani pamene paja."

A Fakiri anaima pakati pa mawu, nkhope itachita makwinya. Chiyambire palibe amene anawadulapo malonje.

"Pati?"

"Pa radhi paja."

"Iwe, radhi ndi nyimbo ya pa wayilesi yoti azingoibwereza? Ndanena kamodzi, wamva."

"Sanamve, Baba. Inali isanayake."

"Isanayake?"

"Batire latsala pang'ono. Ndimasungira mawu enieniwo."

Mkwiyo ukanakhala bwino, koma chimene Mariamu anaona pankhope ya bambo ake chinali manyazi, manyazi a munthu wamkulu amene wazindikira kuti wakhala akuseka yekha pamaso pa mwana.

"Enieniwo," anatero motsitsa. "Ndiye mwendo wa mayi ako si mawu enieni. Maliro a Yasini si mawu enieni. Wandisambitsa, wandiveka mkanjo wa Lachisanu, kuti ndizicheza ndi chitsulo chotsinzina." Anavula kofiya, naigwira m'manja, nadzuka pampando. "Basi. Ngati akufuna kumva, abwere pa Idi, ndidzamuuza pamaso. Kuthamanga konseku n'kwa chiyani? Joni si kumwamba."

Mariamu anasowa pogwira. Kumbuyo kunali pempho la Nasiru loti asawauze, kutsogolo kunali msana wa bambo ake ukulowa m'nyumba. Akasunga chinsinsi, mlongo wake afa wopanda radhi. Akaulula, radhi imene ituluke ikhala yomweyo yachisoni imene anaikana, pamene yeniyeni, yopanda chokakamiza, inali itanenedwa kale ndipo iye mwini ndi amene anaitaya. Anadzida. Anagwada pomwepo pafumbi, kamera ili pachifuwa.

"Baba, Nasiru sadzabwera pa Idi."

A Fakiri anaima pakhomo osacheuka.

"Akudwala, Baba. Wadwala nthawi yaitali. Raston akuti mwina sakamupeza."

M'nyumba munagwa mbale. A Kulusumu, amene nthawi yonseyi amamvetsera kuseri kwa chitseko akumwetulira, anatuluka n'kukhala pansi pakhonde, miyendo tambalale, nsalu itatsekera pakamwa. Sanalire mokweza. Amangogwedezeka uku ndi uku.

A Fakiri anabwerera pang'onopang'ono, akugwira mzati wa khonde, munthu amene m'mawa womwewo amayenda ngati msilikali. Anakhala pampando. Anavala kofiya, koma inakhala chopendekera, ndipo panalibe woti awauze.

"Chifukwa chiyani sunanene poyamba?"

"Anakaniza. Amati musamukhululukire chifukwa cha matenda."

"Chitsiru," anatero, koma liwulo linatuluka lofewa. "Wafanana ndi ine. Yatsa."

Mariamu anaika diso pakabowo, nadina batani. Kadontho kofiira kanayaka, ndipo pakona chithunzi cha batire chinali chitayamba kale kuphethira.

"Yayaka, Baba. Nenani msanga."

A Fakiri anatsegula pakamwa. Munthu amene sanasowepo mawu pa ukwati, pa maliro kapena pamsonkhano wa chipani, munthu woti amatha kulonjera ngakhale mbuzi, anatsegula pakamwa koma simunatuluke kanthu. Anameza malovu, nayesanso.

"Na... Na..."

"Nenani, Baba," ananong'ona Mariamu. "Mawu awiri okha. Chonde."

Anakweza dzanja ngati akuti dikira. Misozi inatsika m'makwinya n'kulowa m'ndevu zonunkhira zija. Anayang'ana galasi, nayang'ana pansi, nayang'ananso galasi, milomo ikuyenda popanda liwu. Mariamu amamva tepi ikuzungulira pafupi ndi khutu lake, ikudya mphamvu yomaliza, ndipo panalibe chimene akanachita. Sakanalankhula m'malo mwawo. Sakanaimitsa, pakuti mwina liwu likanatuluka nthawi yomweyo. Anangogwira, akupemphera chamumtima kuti batirelo lipirire pang'ono pokha.

Kulira kwa tepi kunatsika. Nkhope ya bambo ake inachita mizeremizere, inachepa, kenaka m'kabowo munangoti bii.

Anadina batani, nadinanso. Palibe. Chimene chikapite ku Joni chinali chimenecho: mbalame zodya mpunga, liwu la mlongo likuchonderera, ndi nkhalamba yolira imene yalephera kutchula ngakhale dzina. Nasiru adzaonera ali gone, ndipo sadzadziwa ngati misoziyo ndi ya kukhululuka kapena ya munthu amene akumukakamiza kunena zimene mtima wake ukukana. Mariamu akadzatumiza mawu oti radhi inanenedwa, ndinaimva ndekha, adzangomwetulira n'kuti ndi mlongo wanga ameneyo.

Pansi pa mango Raston anali ataimirira, chikwama chili paphewa. Dzuwa linali pamutu.

A Fakiri anapukuta nkhope ndi mkono wa mkanjo. Anapuma mozama, kawiri, katatu, mpaka chifuwa chinakhazikika. Anakonza kofiya. Atayankhula, liwu lawo linali litabwerera, lonse, lomveka bwino.

"Ndakonzeka tsopano, mwana wanga. Ikuyakabe?"

Mariamu sanachotse diso pakabowo. Anayang'ana mdima uja, nayang'ana ndi diso linalo bambo ake atakhala mowongoka, akudikira yankho lake ngati mwana wasukulu.

"Ikuyaka, Baba. Yankhulani."

Ndipo anayankhula. Anayankhula bwino, mosadodoma, akutchula dzina la mwana wawo mobwerezabwereza, Mariamu atagwira kamera yakufayo ndi manja awiri kuti isagwedezeke.